Mutu Waching'alang'ala ndi Nkhanza Zakale: Kabuku ka Mabanja a ku Milange

Kuyambira m'tsinde mwa phiri la Tumbine mpaka kumalire ku Muloza, simungayende mudzi wonse osapeza nyumba imene muli munthu wa mutu. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amadzuka nkhope ili yakugwa, n'kumanga mpango mothinitsa pachipumi, n'kubwerera pamphasa. Chitseko chitsekedwe, wailesi izimitsidwe, ana akasewerere kwa agogo awo. Khasu limatandala pakhonde tsiku lonse, mwina masiku awiri. Fungo la utsi wa kukhitchini lokha limamudzutsira nseru. Tsiku lachitatu amadzuka ali lefulefu ngati wochira malungo, kenako uyo kumunda ngati sipadachitike kanthu.

Kuchira msanga kumeneku ndiye kumamuputira mlandu. "Dzana lomweli mumapalira bwinobwino, lero mwatinso mutu?" Ena amati ndi ulesi, ena amati akuzemba ntchito yothyola nandolo, ena amanong'onezana za ufiti. Akakhala mkamwini wogona masana dzuwa lili pamutu, apongozi sachedwa kuyamba kuwerenga mizere imene yatsala kumunda.

Kabuku kano ndi ka munthu ameneyo pamodzi ndi a pabanja pake. Kakunenanso chinthu chimene sitichitchula kawirikawiri: anthu amene adachitiridwa nkhanza, makamaka ali ana, mutu umenewu umawagwira pafupipafupi ndiponso umawalanda masiku ambiri kuposa anzawo.

Mutu wake ndi wotani

Ife timati mutu waching'alang'ala. Kuchipatala cha mbali ya Mozambique mudzamva akuti enxaqueca, tsidya la Malawi akuti migraine. Gwirani dzina la Chipwitikizilo, lidzakuthandizani pofotokozera anamwino.

Kawirikawiri umagwira mbali imodzi, m'litsipa kapena kuseri kwa diso, ndipo umagunda ngati musi mumtondo. Ukapanda kuthandizidwa umatenga maola 4 mpaka 72. Umabwera ndi nseru kapena kusanza, maso sapirira kuwala, makutu sapirira phokoso. Kuwerama, kukwera chitunda ngakhale kusenza ndowa kumauwonjezera, n'chifukwa chake wodwala amangofuna kugona duu mumdima. Ena, pafupifupi mmodzi mwa atatu kapena anayi, amayamba aona timizere towala tokhotakhota, mbali ina ya chinthu osaiona, kapena dzanzi pamlomo ndi m'dzanja. Zimenezi zimatha pasanakwane ola, ndiye mutu n'kuyamba.

Ndi nthenda ya ubongo ndi mitsempha, ndipo imayenda m'magazi a pamtundu. Mukafunsa bwino mudzapeza kuti mayi, azakhali kapena agogo nawonso ankamanga mpango. Pali mtsempha wina waukulu wotchedwa trigeminal, umene umamva za kunkhope ndi za kachikopa kokuta ubongo. Ukatekeseka umatulutsa timadzi totchedwa CGRP tomwe timakoleza ululu. Mu 2018 ku America adavomereza mankhwala oyamba otchinga njira ya timadzi timeneti. Ndi odula, sitikuwatchula kuti mukawafunefune ku Mocuba kapena ku Blantyre, koma kuti mudziwe kuti ulesi sapangira mankhwala otere.

Pa dziko lonse, munthu mmodzi mwa 7 ali ndi mutu waching'alang'ala, ndipo amayi amaposa abambo pafupifupi katatu. Mwa amayi osakwana zaka 50, palibe nthenda ina imene imawalanda masiku a thanzi kuposa iyi. Ku Zambia, kafukufuku wa khomo ndi khomo amene adatuluka mu 2015 adafunsa akuluakulu 1,085 ndipo adapeza kuti pafupifupi 23 mwa 100 alionse adavutikapo ndi mutuwu m'chaka chimodzi.

Zimene adapeza ofufuza

Pakati pa 1995 ndi 1997, madokotala awiri, Vincent Felitti ndi Robert Anda, adafunsa akuluakulu oposa 17,000 ku San Diego za ubwana wawo: ngati ankamenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa, kusiyidwa opanda chisamaliro, kuona mayi awo akumenyedwa, kapena kukula ndi kholo lachidakwa. Atayerekeza mayankho ndi thanzi la anthuwo, adaona kuti zowawa zikachuluka paubwana, matenda amachulukanso paukulu. Pa nkhani ya mutu, amene adakumana ndi mitundu isanu kapena kuposerapo ya zowawazi ankadwala mutu wa pafupipafupi kawiri kuposa amene sadakumane nazo.

Mu 2010 dokotala wa mitsempha Gretchen Tietjen wa ku Toledo, m'chigawo cha Ohio, adatulutsa zotsatira za odwala mutu waching'alang'ala 1,348 a m'zipatala 11 za ku America ndi Canada. Mwa 100 alionse, 58 adati adachitiridwa nkhanza kapena kulekereredwa ali ana. Chodabwitsa apa ndi ichi: nkhanza zimene zidatchulidwa kwambiri sizinali za ndodo ayi. Zinali za pakamwa ndi za mumtima, monga kunyozedwa, kuopsezedwa ndi kusawerengeredwa. Amene adakula akunyozedwa motere mutu udawayamba adakali aang'ono, udafulumira kusanduka wa masiku ambiri, ndipo unkawalepheretsa ntchito kwambiri. Mu 2023 ofufuza ena adasonkhanitsa kafukufuku 28 wa m'mayiko 19, wa anthu oposa 154,000, ndipo nkhani idali yomweyo.

Tisalumphe malire a zimene zidapezekazi. Sikuti aliyense wa mutu waching'alang'ala adazunzidwa. Ambiri adakula bwinobwino, mutuwo adangotengera kumtundu. Aliponso ambiri amene adazunzidwa koopsa koma mutu sauwadziwa. Choncho musaone mnansi wamanga mpango n'kuyamba kulozana zala kuti bambo ake kapena mwamuna wake adamutani. Nkhanza zili ngati katundu wowonjezera panjinga yoti yasenza kale matumba awiri a chimanga.

Kwathu kuno zowawa zakale sizisowa

Wa zaka 45 lero anali mwana wamng'ono mu 1986, pamene tauni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo, anthu n'kukhamukira ku Muloza ndi m'midzi ina ya ku Mulanje. Pofika nthawi imene mgwirizano wa mtendere unkasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, m'Malawi munali pafupifupi miliyoni ya anthu othawa kwawo ku Mozambique. Ana a nthawi imeneyo adaona zosayenera kuona mwana. Ena adagona m'tchire, ena adasenzetsedwa katundu ndi asilikali, atsikana ena adatengedwa. Ambiri adabwerera, adamanga nyumba, adabereka, ndipo nkhanizo sadazinenepo mpaka lero. Ndi amenewa ali mitu ya mabanja panopa.

Koma nkhondo isatiphimbe m'maso, ngati kuti nkhanza zidatha mu 1992. Kafukufuku wa boma la Malawi wa 2013 adapeza kuti atsikana awiri mwa asanu ndi anyamata awiri mwa atatu adamenyedwapo asanafike zaka 18, ndipo mtsikana mmodzi mwa asanu adachitiridwa nkhanza zogonana. Ku Mozambique kafukufuku wa InVIC wa 2019 adapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa atatu ndi anyamata anayi mwa khumi adakumana ndi nkhanza za mtundu wina ali ana. Onjezanipo mtsikana wokwatiwitsidwa asanakhwime, ndi mwana wamasiye woleredwa kwa achibale amene amadya pambuyo pa onse, n'kumauzidwa tsiku ndi tsiku kuti, "Iwe ukungotha ufa pano."

Mawu otsirizawa ndi amene ndikufuna tiwalingalire. Ndodo timaidziwa kuti ndi nkhanza, mwina n'kuleretsa. Koma kutukwana mwana, kumutcha chitsiru, kumuuza kuti amake adali hule, kumuopseza kuti tikakutaya ku Ruo, izi timaziyesa kulera. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Pa nkhani ino zatembenuka: nkhuyu adadya ndi akulu, koma m'mimba mukupota mwana, ndipo mukumupota atamera kale imvi.

Zimafika bwanji kumutu

Thupi lili ndi mlonda wake. Munthu akaona zoopsa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu imakungika, tulo timathawa. N'zothandiza ukakumana ndi njoka panjira, ndipo njoka ikapita thupi limakhazikika. Nanga mwana amene njoka yake imagona m'nyumba momwemo, imene imabwera madzulo aliwonse italedzera? Mlonda wa mwana woteroyo sagona. Ubongo wake umakula utazolowera kukhala tcheru, ndipo chizolowezicho sichichoka chokha ngakhale womuzunzayo adamwalira kalekale.

Amene mudaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 mukudziwa za gombe. Pamene mtsinje udagumula kamodzi, sipafunanso mvula ya namondwe kuti madzi asefukire. Ya usiku umodzi yakwana. Ubongo wa munthu wa mutu waching'alang'ala uli ndi gombe lotsika chibadwire, ndipo nkhanza zimaligumulanso. Ndiye kanthu kakang'ono, monga kuphonya chakudya cha masana, kuchezera pamaliro kapena kukangana pang'ono, kamakwana kudzutsa mutu.

Palinso njira zina zozungulira. Wozunzidwa kale nthawi zambiri amavutika ndi kuganiza kwambiri, kukhumudwa, maloto oopsa ndi kusowa tulo, ndipo chilichonse mwa izi chimachulukitsa masiku a mutu. Ena amathawira ku kachasu ndi fodya. Ena adaphunzira ali ana kuti kudandaula kumaitana ndodo ina, motero kuchipatala amapita nthenda itakula.

Botolo la njere

Mukafunsidwa kuchipatala kuti mutu umakupwetekani kangati, musayankhe kuti "kawirikawiri". Liwu limeneli silithandiza amene akukulemberani mankhwala. Madokotala a mutu ali ndi mafunso awo otchedwa MIDAS owerengera masiku amene mutu wakulandani pa miyezi itatu: olephera kupita kuntchito kapena kusukulu, ogwira ntchito theka lokha, olephera za pakhomo, ndi ophonya zochitika za pabanja ndi za pamudzi. Akafika 21, amati mutuwo wakulemetsani kwambiri.

Ife tingawerenge ndi zimene tili nazo. Pezani botolo louma lokhala ndi chotsekera. Madzulo aliwonse musanagone, ngati mutu unakupwetekani ponyanimo njere ya chimanga. Ngati unakulepheretsani ntchito, kaya kumunda, kumsika wa ku Limbuli, pakabaza kapena kusukulu, onjezani nyemba. Ngati munamwa mankhwala a mutu, onjezani nandolo mmodzi, ngakhale mapiritsi anali angati. Mwezi ukatha khuthulirani palichero, patulani, lembani manambala atatuwo kuseri kwa khadi la kuchipatala. Amayi alembenso tsiku limene adayamba kusamba, chifukwa kwa ambiri mutu umabwera masiku awiri msambo usanayambe kapena m'masiku ake oyamba.

Chimanga chikafika 4 kapena kuposa pamwezi, nyemba zilimonso, funsani za mankhwala oteteza. Chikafika 15 kwa miyezi itatu yotsatizana, mutuwo wasanduka wokhalitsa ndipo ukufunika dokotala, osati kugolosale. Botololi lili ndi ntchito inanso: bambo kapena apongozi akaona nyemba 9 palichero, amayamba kumvetsa kuti banja lataya masiku 9 a ulimi, ndipo nkhani ya ulesi imachepa mphamvu.

Mutu ukayamba

Imwani mankhwala msanga, ululu usanakhwime. Ambiri amadikira kuti mwina usiya wokha, ndipo akamadzamwa m'mimba mwaleka kale kugaya bwino, piritsi limangokhala kapena kusanzidwa. Wamkulu angamwe paracetamol, amene timangoti panado, mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira 8 pa tsiku ndi usiku wake. Kwa ambiri ibuprofen wa 400 mg, uja timati bulufeni, amagwira bwino kuposa panado, koma amwedwe mutadyako kanthu. Ibuprofen ndi asipirini si za mayi woyembekezera, wa zilonda za m'mimba kapena wa vuto la impso. Amene muli pa ma ARV kapena pa mankhwala a BP funsani kaye kuchipatala. Ngati mumasanza kwambiri, nenani, alipo mankhwala oletsa nseru. Kenako madzi akumwa, nsalu yonyowa pachipumi, mdima ndi tulo.

Apa a pabanja ali ndi ntchito. Mawu oti, "Amake mwana, gonani, za ndiwo ndiona ndine," ndi mankhwala ndithu, chifukwa wodwala amene akugona uku akuopa kukalipiridwa thupi lake silikhazikika.

Pa masiku abwino, tetezani gombe. Musapite kumunda m'mimba muli pululu n'kudzadya dzuwa litapendeka. Tengani mbatata kapena chinangwa chophika ndi chigubu cha madzi. Gonani ndi kudzuka nthawi yofanana. Pamaliro kapena pamapemphero a usiku wonse, pemphani kukagona maola angapo, anthu adzazolowera. Muonenso ngati mutu umabwera pamene mkangano watha kapena ntchito yaikulu yapita, chifukwa umakonda kudikira thupi litamasuka.

Msampha wa mapiritsi

Apa mvetsetsani, chifukwa ambiri a mutu wa tsiku ndi tsiku adakodwa pomwepa. Mapiritsi a ululu amapezeka pa kaokala kalikonse mbali zonse za malire, ogulitsidwa awiriawiri pa makwacha kapena mametikali ochepa. Munthu amene mutu umamubwerera pafupipafupi, makamaka wamantha ndi wosagona, amayamba kumwa m'mawa uliwonse kuti udzampeze atakonzeka. Pakapita miyezi mapiritsi omwewo amayamba kubala mutu wawo. Ululu umabwera mphamvu ya piritsi ikangotha, iye n'kumwanso, osadziwa kuti akuthira madzi mumtsuko wobooka. Kafukufuku wa ku Zambia uja adapeza kuti pafupifupi akuluakulu 7 mwa 100 anali ndi mutu wooneka kuti ndi wa mtundu umenewu.

Malire ake ndi awa: panado, bulufeni kapena asipirini zisafike masiku 15 pamwezi. Mapiritsi osakaniza, monga okhala ndi kafeini kapena codeine, komanso tramadol, asafike masiku 10. Chosavuta kukumbukira ndi chakuti nandolo asapitirire awiri pa sabata. Ngati mwapitirira kale, pitani kuchipatala akakuthandizeni kusiya. Mutu umakula kwa masiku angapo, mwina mpaka masabata awiri, kenako umayamba kuchepa. Sankhani nthawi imene ntchito ya kumunda yachepa, ndipo a pabanja adziwiretu.

Mankhwala oteteza ndi ena. Amamwedwa tsiku lililonse, mutu ulipo kapena palibe, ndipo amalembedwa ndi achipatala okha. Amitriptyline amamwedwa usiku, amathandizanso tulo, koma amaumitsa kukamwa ndipo ndi oopsa akamwedwa ambiri, choncho abisidwe kutali ndi ana. Propranolol sayenera munthu wa mphumu. Valproate amawononga mwana m'mimba, si wa mayi amene angatenge pakati. Onsewa amafuna masabata 6 mpaka 8 kuti muone kusintha, ndipo cholinga chake ndi kuchepetsa chimanga m'botolo ndi theka, osati kuchithetseratu. Mayi amene amaona timizere towala mutu usanayambe auze a zakulera, chifukwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen amamuwonjezera chiopsezo cha sitiroko. Jakisoni, zoika pamkono ndi lupu zilibe vuto limeneli.

Za mphini: lumo limodzi logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Ndipo ngati kuombeza kwathera pa kuloza agogo ena kuti ndiwo akukhoma misomali m'mutu mwanu, mwangobereka nkhanza zatsopano pamudzi, mutu uli pomwepo.

Mutu wosagona nawo m'nyumba

Si mutu uliwonse uli waching'alang'ala, ngakhale kwa munthu amene ali nawo kale. Mutu wobwera ndi kutentha thupi ukayezetsedwe malungo tsiku lomwelo. Thamangirani kuchipatala, ngakhale usiku, ngati khosi lauma, munthu akubwebweta kapena wakomoka, ngati mutu wagwa mwadzidzidzi ngati mphezi ndi ululu umene sanaumvepo, ngati mkono, mwendo kapena mbali ya nkhope yafooka, kapena lilime likulemera. Mayi woyembekezera amene mutu wamugwira pamodzi ndi kutupa nkhope ndi kuona zinthu mwachimbuuzi akayezetse BP mwamsanga. Chimodzimodzi wa HIV amene mutu ukukulirakulira tsiku ndi tsiku, ndi wa zaka zoposa 50 amene wayamba mutu wachilendo. Munthu amene wamenyedwa m'mutu kapena kukanyangidwa pakhosi apite kuchipatala ngakhale bala lisakuoneka, ndipo akanene zoona, osati "ndinagwa panjinga".

Kunena zakale

Timati bongololo sadzolera mafuta pagulu, ndipo pa nkhani iyi mwambiwu uli ndi nzeru yake. Palibe amene ayenera kukakamizidwa kufotokoza zimene adamuchita, kaya pabwalo, kutchalitchi kapena pamaso pa ankhoswe. Kumufukula munthu asanakonzeke kumamupweteka kachiwiri. Mungathe kulandira thandizo la mutu osanena chilichonse cha kale. Mukafuna, n'zokwanira kuuza anamwino kuti, "Ndidakumana ndi zovuta ndili mwana, usiku sindigona bwino."

Koma mwambi womwewu usasanduke loko. Munthu mmodzi wosunga chinsinsi amachepetsa katundu. Ngati mbale wanu wakusankhani inu, khalani pansi, zimitsani foni, mverani. Musafunse kuti, "Nanga bwanji simudathawe?" kapena, "Bwanji mukunena lero?" Musathamangire kumuuza kuti akhululuke ndi kuiwala, kapena kunyamuka kukayambana ndi wolakwayo iye asanavomere. Mawu ochepa akwana: "Ndakumvani, achemwali. Inu simudalakwe. Mukufuna ndikuthandizeni bwanji?" Abambo nawonso amafuna khutu lotere, ngakhale amazungulira kaye pa nkhani za mitengo ya soya.

Ku Harare dokotala Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu oganiza kwambiri, n'kuwathandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Kafukufuku wa 2016 adaonetsa kuti amene adacheza ndi agogowo kangapo adapepukidwa mumtima kuposa amene adangolandira chithandizo cha masiku onse. Agogo otere m'midzi mwathu alimo. Ku Mozambique kulinso ogwira ntchito otchedwa técnico de psiquiatria, amene boma lidawaphunzitsa kuti azipezeka m'zipatala za m'maboma. Kukawaona sikutanthauza misala. Funsani kuchipatala chachikulu cha Milange, kapena wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, uja timati APE, akulozereni. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, uzani munthu lero lomwe ndipo mupite naye limodzi kuchipatala.

Kulankhula sikuchotsa mutu wotengera kumtundu. Chimene kumachita ndi kubwezera tulo ndi kugonetsa mlonda uja, ndipo masiku a mutu amatsika nazo. Kupuma modekha kumathandizanso: khalani pamthunzi, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi khumi tsiku lililonse, ngakhale tsiku lopanda mutu.

Ngati nkhanza zikuchitikabe

Palibe piritsi limene lingagonjetse mutu wa mayi amene akugona ndi mantha usiku uliwonse. Malangizo aja akuti banja ndi kupirira adanenedwa poganizira njala ndi umphawi, osati zibakera. Ku Mozambique lamulo nambala 29/2009 limaletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, kuphatikizapo zoopseza ndi zonyoza, ndipo limati ndi mlandu wa boma, kutanthauza kuti mnansi kapena mbale angathe kukanena. Kupolisi funsani Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência, ndipo wosowa ndalama ya loya apite ku IPAJ. Lamulo nambala 19/2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga wokwatirayo pamodzi ndi makolo kapena mfumu imene yavomereza. Tsidya la Malawi kuli lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit.

Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndi oletsa pakati. Asadikire kuti akuluakulu a mbali ziwiri akambirane kaye. Amene akuona kuti tsiku lina adzafunika kuthawa usiku, asungitse kwa mnansi wodalirika chitupa, makadi a ana, mankhwala ndi kandalama ka njinga.

Mwana wodandaula mutu

Ana nawonso amadwala mutu waching'alang'ala. Wawo umakhala waufupi, mwina maola awiri okha, umagwira pachipumi ponse, ndipo mwana amatuwa, kusanza, kugona, n'kudzuka akusewera. Apa ndi pamene ambiri amakwapulidwa kuti akunamizira pofuna kujomba kusukulu. Muyezetseni malungo kaye. Akapezeka alibe, muyambireni botolo lake, muone kuti akudya asanapite kusukulu, ndipo panado apatsidwe molingana ndi sikelo yake. Asipirini musampatse mwana wosakwana zaka 16.

Mukaona kuti chimanga chikuchuluka masiku a sukulu okhaokha, kapena nthawi imene mlendo wina wake ali pakhomo, kapena mwana wayambanso kukodza pogona ndi kuopa kutsala yekha ndi munthu wina, mutengeni mupite naye kumunda kapena kumtsinje muli awiri. Mufunseni mofatsa kuti, "Mwanawe, alipo amene akukuvutitsa?" Akatchula dzina, ngakhale la munthu amene mumadya naye mbale imodzi, mukhulupirireni kaye ndipo musamusiyenso yekha ndi munthuyo. Nambala ya foni yothandiza ana ndi 116, yaulere. Ku Mozambique imatchedwa Linha Fala Criança, ndipo mukawoloka ku Muloza n'kulowa pa netiweki ya Malawi, nambala yake ndi yomweyo.